MITSEMPHA YA PANSI PA LILIME

Tengani galasi lodziyang'anira, muturuke nalo pabwalo pamene dzuwa liwala bwino. Yasamani, nimukweze nsonga ya lilime kufikira ikhudze kumwamba kuseri kwa mano. Tsono penyetsetsani. Ambiri a ife tifika pomera imvi tisanaone malo amenewa ngakhale kamodzi. Munthu adziwa maanga onse a ng'ombe zace, koma za pansi pa lilime lace sazidziwa.

Pakati peni peni mudzaona kacingwe kopyapyala ka mnofu, kamene kamangirira lilime pansi pa kamwa. Ku mbali iyi ndi ku mbali iyo ya kacingweko kuli mizera iwiri yakuda mobiriwira, yoyamba pafupi ndi nsonga ndi kutsikira kumbuyo kufikira ibisala mu mnofu. Imeneyo ndiyo mitsempha ya phunziro lathu. Kunja kwace pang'ono kuli kakhungu kopindika kokhala ndi timphonje. Kwa ena kaoneka bwino, kwa ena iai, ndipo sikasonyeza nthenda iri yonse. Patsinde pa kacingwe kaja pali timatuza tiwiri tating'ono ngati njere za mawere. M'menemo muturuka malobvu, ndipo mukaganizira za bwemba kapena mandimu mutakweza lilime cotero, mudzaona madzi ali kusonkhana pomwepo.

DZINA LIMODZI, ZINTHU ZAMBIRI

M'cinenero cathu mau akuti "mtsempha" asenza katundu wolemera. Cingwe colimba ca ku cidendene, cimene cikana mano pakudya nyama ya ng'ombe, ticicha mtsempha. Tingwe toyera tonyamula uthenga pakati pa bongo ndi ziwalo, natonso ndi mitsempha. Ndipo njira za mwazi, zamphako ngati bango, dzina lace ndi lomwelo. Pansi pa lilime pali ya uthenga ndi ya mwazi yomwe, yogona pamodzi ngati ana pamphasa. Cifukwa cace tiyenera kuisiyanitsa tisanapitirire.

Mitsempha ya mwazi iri ya mitundu iwiri. Ina icokera ku mtima nipereka mwazi ku ziwalo. Iyi tiiche yopereka. Khungu lace ndi locindikala, igunda pamodzi ndi mtima, monga mumva mukagwira pa mkono pafupi ndi tsinde la cala cacikuru, ndipo kawiri kawiri ibisala m'kati mwa mnofu. Ina itenga mwazi umene watha nchito yace niubwezera ku mtima. Iyi tiiche yobweza. Ndi yofewa, siigunda, ndipo yambiri iyenda pafupi ndi khungu. Madotolo acha yoyambayo artery, yaciwiriyo vein. Mizera iwiri ija ndiyo mitsempha yobweza.

Tisanyengedwe ndi maonekedwe ace. Mwazi wa m'menemo suli wobiriwira iai. Uli wofiira moderapo, pakuti wasiya mpweya wabwino umene unatenga ku mapapo. Kubiriwirako kudza ndi kuwala kumene kupyola khungu ndi kubwerera ku maso athu. Amene anaphapo mbuzi adziwa kuti mwazi wonse uli wofiira, wina wa psuu, wina wakuderapo.

Kuti mwazi uzungulira m'thupi, anthu sanacidziwe msanga. Zaka zoposa cikwi asing'anga a ku Ulaya anatsata Galen, sing'anga wa Cigriki amene anagwira nchito ku Rome. Iye anaphunzitsa kuti mwazi upangidwa m'ciwindi, nupita ku ziwalo, nuthera komweko monga madzi othirira m'dimba. M'caka ca 1603 mphunzitsi wa ku Padua, ku Italy, dzina lace Fabricius, anasindikiza buku lonena za tizitseko tating'ono topezeka m'kati mwa mitsempha yobweza. Wophunzira wace wina, William Harvey wa ku England, anasinkhasinkha za tizitsekoto, naona kuti titsegukira ku mbali ya mtima ndi kuletsa mwazi kubwerera. M'caka ca 1628 anaturutsa buku lace laling'ono, losonyeza kuti mwazi womwewo upita nubweranso, osaleka, moyo wonse wa munthu.

ULENDO WOPITA NDI WOBWERERA

Lilime ndi mnofu wokha wokha, lopanda pfupa, ndipo silipuma: litembenuza nsima, likankhira cakudya ku mmero, liumba mau. Wanchito wotere afuna cakudya cambiri. Cotero mbali iri yonse ya lilime iri ndi mtsempha wopereka wace wace, wocokera ku mtsempha waukuru wa m'khosi. Ulowa pa tsinde la lilime nuyenda mokhotakhota kufikira ku nsonga. Kukhotakhotako kuulola kutambasuka osaduka pamene lilime lituruka kunja. Pomaliza ugawika timitsempha toonda koposa tsitsi, tosaoneka ndi maso, m'mene mwazi usiya cakudya ndi mpweya.

Ulendo wobwerera ufanana ndi wa madzi a mvula. Ayamba m'tingalande ta pa phiri, nasonkhana m'mfuleni, nalowa m'Lupande. Lupande awapereka ku Luangwa, ndi Luangwa ku Zambezi. Comweconso mtsempha uja mwauona usonkhanitsa mwazi pafupi ndi nsonga. Potsikira kumbuyo ukomana ndi unzace wocokera ku kanyama kopanga malobvu kogona pansi pa kamwa. Iwiriyo isanduka umodzi, nutsagana ndi mtsempha wa uthenga umene uyendetsa lilime, nupita pansi pa nsagwada. Mwazi wa pamwamba pa lilime ndi wa ku tsinde uli ndi njira yace ina yakuya, yosaoneka. Njira zonsezi zithira mu mtsempha waukuru wobweza wa m'khosi, umene madotolo aucha jugular wa m'kati, pafupi ndi kapfupa kopindika ngati uta kamene mungakakhudze ndi zala ziwiri pamwamba pa kholingo. Anthu sali cimodzimodzi pamenepa: kwa wina mtsempha wa lilime ulowa wokha, kwa wina uyamba waphatikana ndi wocokera ku nkhope. Kucokera apo mwazi utsika m'khosi, ukomana ndi wocokera ku dzanja, nulowa m'cipinda ca kumanja ca mtima.

Kuyambira pa lilime kufikira ku mtima sipakwana mkono umodzi. Munthu wamkuru ali ndi mwazi wokwana ngati malita 5, ndipo ali cikhalire mtima wace utumiza wocuruka cotero pa mphindi imodzi. Sungani zimenezi, pakuti tidzazifunanso.

Asing'anga akale anapatsa mitsempha iyi dzina loseketsa, ranine, locokera ku mau a Cilatini akuti rana, ndiye cule. Dzina lina lacibale ndi ranula, ndiko kuti kacule: cotupa cofewa, conga thuza la madzi, cimene nthawi zina cimera mbali imodzi pansi pa lilime ndi kufanana ndi mimba ya cule. Cimeneco si mtsempha. Ndi malobvu amene asowa njira. Kuciboola ndi munga kapena singano sikuthandiza, pakuti cidzazanso, ndipo mungacilowetse mafinya; acicotsa ku cipatala. Njira ya malobvu yoturukira pa timatuza tija, yotalika ngati masentimita 5, anailongosola Thomas Wharton wa ku London m'caka ca 1656, ndipo madotolo aichabe ndi dzina lace. Nthawi zina m'njiramo mumera kamwala. Pamenepo pansi pa nsagwada patupa ndi kupweteka pa nthawi ya cakudya, ndi kuphwanso pambuyo pace.

KHOMO LALIFUPI LOLOWERA M'MWAZI

Nanga cifukwa ninji mitsempha iyi ioneka poyera cotere? Yankho liri m'khungu. La ku cidendene ndi cikopa, munga ulephera kulilasa. La pamwamba pa lilime ndi lokhakhala ndi lolimba, pakuti lilimbana ndi cakudya. Koma la pansi pa lilime ndi la pansi pa kamwa, kakhungu kace ka pamwamba kalingana ndi pepala limodzi kapena awiri a buku lino, ndipo kali konyowa usana ndi usiku. Mwazi uyenda kuseri kwace komweko. M'thupi lonse malo ali ocepa pamene za kunja ziyandikana ndi mwazi motere.

Taganizirani mbulu wa mankhwala umene munthu ameza. Utsikira m'mimba, usungunuka, upita m'matumbo, ndipo pamenepo ulowa m'mwazi. Koma mwazi wa m'matumbo suloledwa kulunjika ku mtima. Uyamba wadzera m'ciwindi, pa mtsempha waukuru umene osenda mbuzi auona polowera pa ciwindico. Ciwindi ndi mlonda wa pa cipata: cisanthula zonse, ndipo zimene ciziyesa zacilendo cizifooketsa kapena kuziononga. Nchito imeneyi itisunga amoyo, komatu mankhwala ena aonongeka pamenepo pafupi fupi onse, ndipo ulendo wonsewo ungathe theka la ola kapena kuposa. Mbulu woikidwa pansi pa lilime ulambalala mlondayo. Usungunuka m'malobvu, upyola kakhungu kaja, ulowa m'mitsempha, nufika ku mtima pa njira ija yosakwana mkono.

Mbiri ya mankhwala ena isonyeza bwino cimeneci. M'caka ca 1847, ku Turin, ku Italy, Ascanio Sobrero anapanga madzi onga mafuta, ophulika koopsa, ochedwa nitroglycerin. Anaika kadontho kakang'ono pa lilime kuti alawe, ndipo mutu unamupweteka kolimba maola angapo, pakuti madziwo amasula mitsempha ya mwazi kuti itanuke. Alfred Nobel wa ku Sweden anawasanganiza ndi dothi la mtundu wina napanga dynamite m'caka ca 1867, imene abale ogwira nchito ku migodi aidziwa bwino. Koma m'caka ca 1879 William Murrell, dotolo wa ku London, anasonyeza kuti madontho ocepa a madzi omwewo, osungunulidwa kwambiri, athetsa kupweteka kumene kugwira anthu a mtima wodwala pokwera citunda, kuja kumveka ngati mwala wasanjikidwa pa cifuwa. Nobel mwini wace anadwala mtima m'masiku ace otsiriza, asanafe m'caka ca 1896, ndipo madotolo anamlembera mankhwala omwewo.

Kufikira lero odwala otere apatsidwa timibulu toika pansi pa lilime, kapena mankhwala opopera pomwepo. Ayamba kugwira nchito pa mphindi imodzi kufikira zitatu. Akamezedwa, ciwindi ciwadya asanathandize. Wopatsidwa mankhwalawa ayambe wakhala pansi, pakuti angamcititse cizungulire nagwa. Asadye kapena kumwa kanthu kufikira mbulu utasungunuka, asagawireko mnzace, ndipo mphindi 5 zikapita kupweteka kusanaleke, athamangire naye ku cipatala.

Azamba a ku zipatala naonso adziwa khomo limeneli. Mai akataya mwazi wambiri atabala, mankhwala oyamba ndi jekeseni ya oxytocin. Koma pamene jekeseniyo palibe, bungwe la World Health Organization linalangiza m'caka ca 2012 kuti amuikire misoprostol pansi pa lilime, kuti cibaliro cifinyike ndi mwazi uleke. Imeneyo ndi nchito ya mzamba wophunzira yekha. Mankhwala omwewo kwa mai wapakati amene sanabale angaphe mwana ndi mai yemwe.

Koma cimene cikhudza mudzi uli wonse ndi ici. Mwana akagwidwa ndi malungo akuru, kawiri kawiri shuga wa m'mwazi wace atsika kwambiri. Afooka, aodzera, akomoka, ndipo kutsikako pa kokha kungamuphe kapena kumuonongera bongo. Ku cipatala amthira shuga wa madzi mu mtsempha wa pa dzanja. Nanga cipatala cikakhala ulendo wa maola atatu pa ngolo kapena pa njinga? Madotolo anayesa kuika shuga wonyowa pansi pa lilime la ana a shuga wotsika ku Bobo-Dioulasso, ku Burkina Faso, ndi ku Sikasso, ku Mali, nalengeza zimene anapeza m'zaka za 2005 ndi 2008: mwa ana ambiri shuga wa m'mwazi anakwera msanga. Bungwe lija linabvomereza njirayi kukhala thandizo loyamba pamene jekeseni icedwa. Macitidwe ace ndi awa. Gonekani mwanayo cam'mbali. Tengani shuga wa tiyi wodzaza kasupuni kakang'ono, kosatumphuka, mumnyowetse ndi madontho a madzi abwino, nimumuike pansi pa lilime ndi cala cosamba. Pakapita mphindi 10 kufikira 20 bwerezaninso, muli pa ulendo. Mwana wokomoka musamtsanulire madzi, phala kapena zitsamba m'kamwa, pakuti zilowa m'mapapo; ndipo mano akakhala olumana musawakanule ndi mphamvu. Shuga saciritsa malungo. Angomsunga mwana panjira kufikira afike kwa amene ali ndi mankhwala ace.

Tisayese kuti mbulu uli wonse uyenera khomo limeneli. Mankhwala a malungo, a mutu ndi a cifuwa cacikuru anapangidwira kumeza. Ena, monga aspirin, akakhalitsa pa kakhungu kameneka akatentha nasiya cironda. Funsani wokupatsani mankhwala, pakuti safunsa anadya phula.

Namwino aika coyesera kutentha pansi pa lilime pa cifukwa comweco: mwazi uli pafupi, ndi kutentha kwa m'kati mwa thupi. Malo abwino ali kumbuyo, pambali pa kacingwe kaja, milomo iri yotseka. Munthu wosadwala apezeka ndi madigiri ngati 37. Amene wangomwa tiyi kapena madzi ozizira ayambe wadikira mphindi 15.

ZA UKALAMBA, NDI ZINA ZOSAYENERA KUZISIYA

Agogo ambiri akayang'ana m'galasi adzapeza mitsempha yao yotupa ndi yokhotakhota, ndi timibulu takuda tambiri m'mbali mwace ngati mazira a nsomba. Asade nkhawa. Cimeneci cidza ndi zaka: khungu la mitsempha lilefuka, monga icitira ya m'miyendo ya amai obala ana ambiri. Sicipweteka, sicisanduka khansa, sicifuna mankhwala, ndipo palibe amene wawalodza. Madotolo ena apeza kuti cicuruka mwa osuta fodya ndi mwa anthu a mwazi wothamanga. Cotero si kutaya nthawi kukayezetsa kuthamanga kwa mwazi pa tsiku la msika.

Zoyenera kuopsa ndi zina: cironda ca pansi pa kamwa kapena m'mbali mwa lilime cosapola masabata atatu, banga loyera kapena lofiira losacoka, cotupa colimba ngakhale cosapweteka. Khansa ya m'kamwa ikonda malo amenewa. Malobvu osanganizika ndi zoipa za fodya ndi kacasu aima pomwepa monga madzi m'dambo, ndipo khungu lopyapyala limene lilandira mankhwala abwino lilandiranso zimenezo osasankha. Fodya wopera amene ena amfumbata m'kamwa sali wabwino koposa wosuta. Nthendayi ikapezeka iri yaing'ono icotseka. Ikacedwa ifalikira m'khosi.

Dzino lobvunda la ku nsagwada ya m'munsi nalonso lingatsitsire mafinya pansi pa kamwa. Kunsi kwa cibwano kutupa ndi kulimba ngati thabwa, lilime likankhidwira kumwamba ndi kumbuyo, malobvu angodontha, mau asintha. Wilhelm von Ludwig wa ku Stuttgart, ku Germany, analongosola nthendayi m'caka ca 1836. Munthu wotere asagone kumudzi usiku umenewo, pakuti njira ya mpweya ingatsekeke kusanace.

MPENI NDI LUMO

Popeza mitsempha iyi ioneka poyera, anthu anayamba kale kuilasa. Zaka mazana ambiri asing'anga a ku Ulaya anali kuitumbula ndi kampeni pofuna kuciritsa cotupa ca pa mmero, poyesa kuti mwazi woipa uturukira pamenepo. Maganizo ace ndi omwe aja a kutema mphini ndi kulumika. Anasiya, pakuti sikuciritsa. Ndipo ngozi yace ndi yaikuru. Pafupi peni peni ndi mzera wobiriwira uja pagona mtsempha wopereka, ndi mtsempha wa uthenga umene timvera nao kukhudza ndi kukoma kwa cakudya. Mpeni ukangolowa pang'ono mwazi ukana kuleka, kapena uunjikana m'kati nutupitsa pansi pa kamwa; ndipo wa uthengawo ukaduka, mbali ya lilime ingakhale ya dzanzi moyo wonse.

Makanda ena abadwa ndi kacingwe kafupi, kapena kofika kufupi ndi nsonga. Lilime silituruka bwino, nsonga yace ioneka yopindikira m'kati pakati, mwana alephera kugwira bere, ndi mai amva kupweteka poyamwitsa. Azamba akale a ku Ulaya anali kukang'amba ndi cikhadabo. Koma ana ambiri otere safuna kanthu konse: mwana akayamwa bwino ndi kukula bwino, msiyeni. Cibwibwi sicicokera ku kacingweka, ndipo mwana wocedwa kulankhula ayambe wayesedwa makutu. Pamene kudula kufunikadi, dotolo akweza lilime ndi kacitsulo kong'ambika pakati, kochinjiriza mitsempha ija, nadula kakhungu kokha ndi sizasi yoyeretsedwa. Ndi nchito ya kamphindi kwa amene adziwa cogona kuseri. Kumudzi isacitike. Mwazi wonse wa khanda lobadwa kumene ungakwane m'kapu imodzi yaikuru, kotero kuti masupuni owerengeka otayika ali ambiri. Ndipo lumo lakuda lingabweretse kafumbata.

Wodwala khunyu akagwa, musamlowetse supuni kapena kamtengo m'kamwa. Lilime sangalimeze, pakuti ndi lomangirira zolimba. Supuniyo ndiyo ithyola mano ndi kung'amba pansi pa lilime. Mcotsereni moto ndi miyala, ndipo kuphiriphitha kukaleka mgonekeni cam'mbali.

Ngozi ikacitika, monga mwana wagwa ali ndi phesi m'kamwa, mkhazikeni pansi, aweramire kutsogolo kuti mwazi uturukire kunja asaumeze. Sambani m'manja, pindani kansaru koyera, mukaike pa bala, nimupanikize. Bala likakhala pa lilime, litsineni pakati pa zala ziwiri. Likakhala pansi pa kamwa, cala cimodzi cikhale m'kati pa nsaruyo ndi cacikuru kunsi kwa cibwano. Gwirani mphindi 10 zathunthu osasuzumira. Musathirepo fodya, phulusa kapena dothi. Mwazi ukapanda kuleka, kapena lilime likayamba kukwera ndi mau kusintha, gwiranibe comweco pa ulendo wa ku cipatala, wodwalayo ali cikhalire, osati cagada.